Mawondo Ogundana ku Hull

Hull, 12 Januwale 2025

Okondedwa abambo a Nthanda,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana wathu. Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno n'kosanena. Mphepo yochokera kudoko imalowa m'jekete osaodira. Ndaganiza zokulemberani papepala ngati kale, n'kujambula, n'kutumiza pafoni, chifukwa tikamaimbirana timangoti "mukundimva? mukundimva?" mpaka bandulo kutha, inu mutaima pachulu kuseri kwa sukulu. Kalata mudzaiwerenga mutakhala pansi ngati munthu.

Chifuwa cha Nthanda chili bwanji? Nanga chimanga chija munabzala mochedwa chadzuka? Mundiuze zoona, musandibisire poti ndili kutali.

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndikugwira ntchito kwabwera gogo wina, dzina lawo a Veikko. Si Mngerezi. Kwawo ndi ku Finland, dziko la kumpoto kwenikweni, ndipo anafika kuno ali mnyamata pa sitima zonyamula matabwa, n'kukwatira mkazi wa konkuno. Mkaziyo anatsogola. Tsopano matenda oiwala awalanda Chingerezi chonse chimene akhala akuyankhula moyo wawo wonse wa kuno, chawatsalira ndi chiyankhulo cha mayi awo basi. Mwana wawo wamkazi, Annette, amene amabwera kudzawaona Loweruka, chiyankhulocho sachidziwa. Ndiye tangoganizani, bambo ndi mwana wake kumangoyang'anana ngati anthu okumana m'basi.

Gogoyu wandidya mutu. Sakudya. Ndikawabweretsera phala amatembenukira kukhoma. Koma pali chinthu china chimene amachita. Amakhala pampando, n'kutambasula manja onse awiri kutsogolo, n'kuimba kamzere kamodzi, kanyimbo kakafupi kosakwera kosatsika kwambiri. Akafika kumapeto amaima, n'kumayang'ana uku ndi uku. Kenako nkhope imagwa, manja n'kutsika. Anzanga akuti akufuna kunyamulidwa, koma tikawanyamula amakalipa. Amanijala akuti akapitiriza kukana chakudya apita kuchipatala, ndipo kuno okalamba otere akapita kumeneko ambiri sabwerako.

Sindikudziwa chifukwa chake, koma kanyimboko ndimakamva ngakhale ndili pasiteji kudikira basi. Muwapempherere.

Mumupsompsone Nthanda m'malo mwanga, mumuuze kuti nsapato zake ndaziona kale m'sitolo.

Ndine mkazi wanu,
Agatha


Ntcheu, 2 Febuluwale 2025

Amake Nthanda,

Tili moyo. Chifuwa cha mwana chinatha, chimanga chadzuka. Ndayamba ndi zimenezi kuti musadzanene kuti mafunso anu sindinayankhe.

Lachisanu pa buleki mlongo wanga Edwina anandipeza m'chipinda cha aphunzitsi, foni ili m'manja. Sanandiitanire pambali, mukumudziwa. Anangoiika pathebulo pakati pa makapu a tiyi, aphunzitsi anzanga onse n'kuwerama. Pa Facebook pali chithunzi chanu. Mwakhala moyang'anana ndi mzungu, mawondo anu agundana ndi ake, manja onse awiri mwagwirana zala zitalowana, maso mwatseka, pakamwa pali yasa ngati munthu amene wakondwa mpaka kuiwala kwawo. Pansi pake anthu aikapo timitima tosawerengeka.

Palibe anaseka. Bola akanaseka. A hedi anangotsokomola n'kunena kuti belu lalira, pamene linali lisanalire.

Munandiuza kuti ndi gogo. Munthu ndamuonayo ali ndi mapewa ngati wonyamula matumba, ndipo imvi pa mzungu sizinena kanthu. Munati sakudya. Kodi mankhwala a munthu wosadya ndi mawondo a mkazi wa mwini?

Amake Nthanda, ine ndinavomera kuti mupite. Anthu ankandiseka kuti mwamuna wanji wotsala ndi mwana, kumachapa mayunifolomu, mkazi ali ku Ulaya. Ndinkawayankha kuti mkazi wanga ndimamudziwa. Lero ndiwayankha chiyani? Chikundiwawa koposa ndi ichi: chikwatirane chathu simunandigwirepo manja onse awiri pamaso pa anthu. Ngakhale tsiku la ukwati wathu munachita manyazi, wojambula mpaka kutopa nanu. Lero dziko lonse laona kuti mumatha.

Nkhaniyi ndaitula kwa ankhoswe. Musavutike kuimba foni, sindiyankha.

Herbert


Hull, 3 Febuluwale 2025

Abambo a Nthanda,

Moni wanga sindikudziwa ngati muulandira, koma ndapereka. Kalata yanu ndaiwerengera m'basi, ndinapitirira siteji yanga mpaka dalaivala kundiuza kuti tafika pothera. Chithunzicho ndi changa, sindikukana. Anajambula ndi Annette, ine osadziwa kuti akachiika pagulu. Koma ndimvereni kaye, muweruze pambuyo.

Tsiku lina ndinkawawenga zikhadabo a Veikko. Nditamaliza dzanja lachiwiri anandigwira manja onse, n'kuimba kamzere kaja. Atafika kumapeto anaima monga mwa masiku onse. Inu mukundidziwa, ndinakulira m'kwaya, munthu akayambitsa nyimbo sinditha kuisiya ili lende. Pakamwa panga panangovomera pokha. Ndinabwereza zimene ndinamva, tanthauzo osalidziwa. Abambo a Nthanda, maso a munthu uja anayaka ngati wina wayatsa nyali m'nyumba imene tonse tinkati mulibe munthu. Anandikokera kwa iwo n'kuimba mzere wachiwiri. Ndinabwereza. Anaimba wachitatu. Tiyi anazizira pathebulo, anzanga anadzaza pakhomo, munthu wosakumbuka dzina la mwana wake akutulutsa mizere motsatizana, osapunthwa, osasowa mawu. Titamaliza analoza mbale, n'kudya phala lonse mpaka kukokota.

Annette nditamufotokozera analira. Akuti ali mwana ankaona bambo akewo akuimba chonchi ndi mng'ono wawo kukhitchini, ndipo iwo anaphunzira kwa agogo awo. Ndi mmene makolo ena a kwawoko ankaimbira ndakatulo zakalekale, zonena mmene dziko linayambira, kumene moto unachokera, mmene bwato linasemedwera. Amakhala awiri moyang'anana, mawondo ogundana, manja ogwirana, akukokana pang'onopang'ono. Mmodzi amayambitsa mzere. Winayo amalowerera chakumapeto n'kuubwereza wonse, kuti woyamba uja apume ndi kupeza mzere wotsatira. Mng'ono wawoyo anamwalira kalekale. Manja ankatambasula aja sikunali kufuna kunyamulidwa ayi, ankafuna wovomera.

Inu ndinu mphunzitsi wa Sitandade 1, tsiku ndi tsiku mumawombetsa ana m'manja powerenga maphatikizo. Ndakutumizirani mawu amene ndinajambula tikuimba, mumvere, muwerenge nokha. Mzere uliwonse uli ndi maphatikizo asanu ndi atatu, lina lolemera lina lopepuka, lolemera lopepuka, mpaka kanayi. Sasamala zoti mizere ithere mofanana ngati nyimbo za Angerezi za m'tchalitchi. Iwo amafananitsa poyambira, mawu awiri kapena atatu mumzere umodzi kuyamba ndi liwu lomwelo. Ndipo chimene chandigometsa ndi chakuti chinthu chilichonse amachinena kawiri. Mzere wachiwiri umanena zomwe zanenedwa kale, koma ndi mawu ena. Ine wosamva chiyankhulo ndimamva ndithu kuti apa abwereranso pomwe paja, atavala malaya ena.

Ndimadzifunsa kuti zonsezi zinkakhala pati m'mutu muja, pamene zina zonse zinathawa? Dzina la msewu wawo kulibe, nkhope ya mkazi wawo pachithunzi saizindikira, koma phatikizo ngakhale limodzi silitayika. Ine zimandiopsa ngati ndalowa m'malo oyera ndi nsapato.

Maso ndimatseka chifukwa ndikawatsegula mawu amandithawa. Pakamwa panali yasa chifukwa ndinkaimba, sindinkaseka. Mapewa mwanenawo ndi juzi ziwiri, munthuyo ndimamunyamula ndekha pomusambitsa. Za tsiku la ukwati mwanena zoona, ndinachita manyazi, ndipo mawu amenewo andilasa kuposa ena onse.

Yankhani, chonde, ngakhale mondikalipira.

Agatha


Ntcheu boma, 16 Febuluwale 2025

Mlongo wanga Agatha,

Landira moni wochokera kwa ine, mlamu wako ndi ana. Tili bwino. Ku shedi ntchito ikuyenda mwa apo ndi apo, anthu nyengo ino sagula zitseko, amagula ufa. Ukadzapeza wobwera kuno unditumizireko tepi yoyezera, yanga manambala anafufutika, ndikumayeza ndi chikhulupiriro.

Ndalemba ngati mchimwene wako komanso ngati nkhoswe yako, ndiye usawerenge mothamanga.

Ngati unawalembera a Herbert, dziwa kuti sanawerenge. Foni anaizimitsa n'kuiponya m'sutikesi, akuti ikumawawotcha m'thumba. Nkhani yako ili m'kamwam'kamwa. Kumsika anthu akumandipatsa moni wautali ngati ndafedwa, ena kundigwira paphewa. Nthanda anamenyana ndi mnzake kusukulu, ndipo sindinafunse chifukwa chake poti ndikuchidziwa.

A Thompson, amalume awo a Herbert aja, amene ndi nkhoswe ya kuchimuna, anabwera ku shedi kwanga dzulo. Tagwirizana zodzakhala pansi pa 15 Malichi. Koma mwamuna wako waikapo mawu amodzi. Akuti usiye kumugwira manja mzunguyo kuyambira tsiku ulandire kalata ino, upemphe akuluakulu ako akusinthire kwina. Ukakana, akuti tsikulo sipadzakhala zokambirana, adzangobwera kudzakusudzula.

Ine ndinakubereka kumsana uli khanda, sindikukuganizira zoipa. Unandiuzako pafoni kuti ndi nyimbo ya kwawo. Chabwino. Koma nyimboyo singaimbike manja ali pamwendo? Mkazi wapabanja kugundana mawondo ndi mwamuna, kaya mwamunayo ndi nkhalamba yotha mano, kwathu kuno ndani angazimvetse? Ifeyo ngakhale apongozi timawalambalala panjira. Gogoyo ali ndi mwana wake, ali ndi madokotala ake, ali ndi boma lake lolemera. Iwe uli ndi Nthanda ndi mwamuna mmodzi, amene ndi wamakani koma sanakugonekepo ndi njala.

Chita zimene wanenazo, mlongo wanga, kuti ine ndidzakhale ndi poyambira pakamwa.

Ndine mchimwene wako,
Wilfred


Hull, 2 Malichi 2025

Achimwene,

Zikomo chifukwa cha moni, nanunso mulandire wanga pamodzi ndi alamu ndi ana. Tepi ndagula, ibwera ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene akupita kumudzi pa Isitala. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinkafuna ndikuuzeni zimene ndachita, osati zimene ndikuganiza kuchita.

Ndinakumverani. Poyamba ndinayesa zimene munanena, kuvomera nyimbo manja ali pamwendo. A Veikko anaimba mzere woyamba, ine n'kubwereza bwinobwino, koma wachiwiri sunabwere. Anangoyang'ana manja anga, n'kuyang'ana awo. Ndinaona ndi maso anga kuti kukokana kuja si zokometsera. Akandikoka mzere umatuluka, ndikawakoka amapuma, ndipo popanda zimenezo mawu amakanirira m'kati.

Ndiye ndinapita kwa amanijala kukapempha kuti andisinthire ku chipinda cham'mwamba. Anadabwa, koma anavomera. Achimwene, nyumba za kuno pansi pake ndi matabwa, inu mukudziwa mmene thabwa limadutsitsira mawu. Ndikuyala bedi kumwambako ndinkamva kamzere kaja kuchokera pansi, kenako zii. Pakapita kanthawi, kamzere komweko, kenako zii. Anzanga anayesa kukhala nawo, koma ankangowasisita manja n'kumawauza kuti zonse zili bwino, osalowa m'nyimbo. Anasiyanso kudya. Annette sanandidzudzule, anangondifunsa pakhomo kuti, "Kodi bambo anga anakulakwirani?"

Lachinayi lapitali ndinkatsika ndi nsalu zochapa, chitseko chawo chili chotsegula. Anali pampando, atachepa ngati mwana, manja ali m'malere. Mawu anali atatha, milomo yokha ndiyo inkaimba. Atafika kumapeto kwa mzere anadikira. Ndinaika nsalu pansi n'kulowa.

Ndabwerera, achimwene. Ndikuimba nawo tsiku lililonse, mawondo ogundana, manja ogwirana, ndipo akudya. Ndalemba kuti musamve kwa wina.

Musaganize kuti ndalimba mtima. Ndikuopa kwambiri. Abambo a Nthanda ndimawakonda, ndipo ndikaganiza zoti mwana wanga akule makolo ake atasiyana chifukwa cha ine, chakudya chimandikanika. Koma sindingathe kumva munthu akuitana pansi pa mapazi anga ine n'kumayala bedi. Ndakutumizirani pafoni yanu kalata imene iwo sanawerenge ija, pamodzi ndi mawu a nyimbo. Pa 15 mudzawawerengere pamaso pa onse. Ngati andisudzule, andisudzule akudziwa chimene ndachita.

Mlongo wanu,
Agatha


Ntcheu boma, 16 Malichi 2025

Agatha,

Moni, tonse tili bwino. Khala pansi, chifukwa zimene ndaona dzulo sindinazionepo chibadwire, ndipo milandu ya mabanja ndakhalapo yambiri.

Tinakumana pakhonde pa nyumba yanu kusukulu, dzuwa litapendeka. Tinalipo ine, a Thompson, a Herbert ndi Edwina, amene palibe anamuitana. Nditanena kuti wabwerera kwa gogoyo, mwamuna wako anaimirira kuti basi nkhani yatha. A Thompson anamukoka shati. Paja iwo anagwira ukondakitala zaka zambiri, sadziwa kulola munthu kutsika basi isanaime. Anati, "Khala pansi, mphwanga, kalata sinawerengedwe."

Ndinawerenga yonse. Nditafika pa maphatikizo paja, a Herbert anaseka mwachipongwe. Anati, "Nkhalamba yopenga ingawerenge maphatikizo? Tatsegulani, ndimugwire bodza." Ndinatsegula nyimbo ija. Anayamba kuwomba m'manja ngati ali m'kalasi, akupinda zala. Asanu ndi atatu. Mzere wina, asanu ndi atatu. Anasuntha mpando kuyandikira foni. Anapitiriza mpaka thukuta kutuluka pamphuno, akudikira pamene gogoyo aphonye, koma sanaphonye. Ifenso tinali chete, chifukwa mawu a munthu uja, mlongo wanga, amamveka ngati akuchokera pansi pa nthaka, ndipo ako akubwera pambuyo kuwanyamula. Kenako a Herbert ananena chapansipansi kuti, "Ana anga a m'kalasi amalephera izi ali ndi mutu wabwinobwino."

Koma ukuwadziwa amuna ako. Anadzidzimuka ngati agwidwa akuba, n'kukweza mawu. "Chabwino, nyimbo ndi yoona. Nanga kakhalidweko? Alamu, tabwerani apa!" Anakoka mpando, kundikhazika moyang'anana nawo, kugunditsa mawondo awo pa anga, n'kundigwira manja onse awiri. "Mwaona, amalume? Uku n'kukhala kwa mkazi wa mwini?"

A Thompson anayang'ana, n'kukanda chibwano. Anati, "Taona theka. Kalata yati amaimba. Imbani, tiuone mlandu wonse."

Edwina anaseka chikhakhali. A Herbert anapsa mtima, anati aimba ndithu, ndipo aimba dandaulo lawo kuti aliyense alimve. Anayamba kufunafuna mawu okwana asanu ndi atatu, milomo ikuyenda. Maso anatseka okha, Agatha, popanda wowauza. Anandikoka, ine n'kuwakoka, ngati tikucheka thabwa ndi sowo ya anthu awiri. Ine ndinkadikira mawu okutukwana. Chimene chinatuluka ndi ichi:

Manja anga ali chabe.

Ndinalowerera kumapeto n'kubwereza monga unalembera. Iwo anafuna kudumphira kwina, koma a Thompson anati, "Ayi, kalata yati kawiri. Nena chomwecho ndi mawu ena." Anangondikoka, n'kundikokanso. Kenako:

Zala zanga zazizira.

Mawu anasweka pakati. Munthu akanena chinthu kamodzi amatha kuchibweza n'kunena kuti ndimacheza, koma apa anali atachinena kawiri, amalume ake akumva. Sanathenso kubwerera. Anapitiriza, ine ndikubwereza, misozi ikugwera pa manja athu. Za mzungu sanatchule n'komwe. Ankaimba za kudzuka yekha, za mwana wofunsa amake.

Ndikuuze chinthu, mlongo wanga. Nthawi yonseyo mawondo anga anali pa mawondo a mlamu wanga, ndipo sindinawakumbuke ngakhale pang'ono. Mutu wanga wonse unali pa kusawagwetsera mawu pansi, chifukwa ndinkaona kuti ndikachedwa kuvomera, munthuyu agwa. Ndakhala nawo zaka zonsezi, tadyera mbale imodzi, koma dzulo ndi pamene ndawadziwa. Anthu a dziko lozizira aja anaganiza bwanji chinthu choterechi?

Titasiya, Edwina anali atalowa kukhitchini, chitenje chili kumaso. A Thompson anatenga chipewa chawo n'kunena kuti, "Ine mlandu sindikuuona. Ndikuona munthu wosowa mkazi wake, ndipo zimenezo ankhoswe sitiweruza." A Herbert anaimirira. Analowa m'nyumba, ndinamva sutikesi ikutsegulidwa.

Sananene kuti akhululuka, sananenenso kuti akusudzula. Chimene alembe sindikuchidziwa.

Wilfred


Ntcheu, 17 Malichi 2025

Okondedwa amake Nthanda,

Muli bwanji kozizirako? Ife tili bwino, mondokwa tayamba kudya. Kalata yanu ndaiwerenga tsopano, mochedwa, ndili pachulu pompaja. Ndinakupwetekani, ndipo manyazi amene ndinkawaopa kwa anthu ndi ochepa poyerekeza ndi amene ndili nawo kwa inu.

Zambiri alamu akuuzani. Ine pakamwa pandilemera, ndiye ndangolemba zimene zinatuluka pakhonde, n'kuwonjezapo mizere iwiri yakumapeto. Ndawerenga maphatikizo, akwana.

Manja anga ali chabe,
zala zanga zazizira.
Ndimadzuka ndili ndekha,
kukacha kulibe wina.
Mwana wathu wafunsanso,
Nthanda naye nkhope yagwa.
Gwirani dzanja la gogo,
musataye, musatope.

Ngati n'kotheka, mukawaimbire mkuluyo. Sadzamva kanthu, ndikudziwa, koma ndilibe njira ina yowapepesera. Munthu amene wasunga chinthu chotere m'mutu moti ngakhale matenda alephera kuchilanda, ine ndinamutchula nkhalamba yopenga pamaso pa ankhoswe.

Kwa inu ndilibe choti ndilamule. Ndingofunsa ngati mukadali mkazi wanga.

Ndine,
Herbert


Hull, 23 Malichi 2025

Okondedwa abambo a Nthanda,

Moni kwa inu ndi mwana wathu. Ndili bwino, dzuwa layamba kuoneka, ngakhale ndi dzuwa la dzina lokha. Sindinakuyankheni msanga chifukwa mtima unali udakatupa, sindinama. Ndinkati mukhaleko kaye pachulupo mumve mmene kudikira kumawawira. Komanso ndinkafuna ndiyambe ndapereka uthenga wanu.

Dzulo masana Annette analipo. Ndinakhala ndi a Veikko monga mwa masiku onse, tinagwirana manja. Asanatsegule pakamwa, ndinawakoka ndine, n'kuyambitsa pa kanyimbo kawo komwe kaja: manja anga ali chabe. Anadzidzimuka. Chiyambire sindinawatsogolerepo, ndipo ndinaopa kuti akwiya. Anapendeketsa mutu, akumvetsera, manja ali nji. Ndinaimbanso mzere womwewo.

Abambo a Nthanda, ndisanafike kumapeto ndinamva mawu ena akulowa pansi pa anga. Anavomera. Munthu amene sanamvepo Chichewa chibadwire, amene sadziwa kuti Ntcheu ili kuti, anatenga mzere wanu n'kuubwereza wonse, phatikizo lililonse pamalo pake, n'kundipatsa mpata wopuma monga ndimawapatsira iwo. Ndinapita pa wachiwiri. Lilime lawo silitha kutchula liwu la za, ndiye zinkatuluka kuti sala sanga sasisira, koma anafika pamenepo n'kumwetulira, kugwedeza mutu, ngati mmisiri amene waona ntchito ya mmisiri mnzake. Mawu atatu oyamba mofanana aja anawamva, ndipo anawakonda. Tinapita mpaka kumapeto, iwo osaphonya. Pa mzere wa Nthanda ine mawu anandithera ndikuumaliza, koma iwo anautenga n'kuubwereza wonse okha, dzina la mwana wathu lili m'kamwa mwawo.

Annette anandifunsa kuti nyimboyo ndi ya ndani. Ndinati ndi ya mwamuna wanga. Anafunsanso kuti ikunena chiyani, koma ine ndinkangolira pamaso pa anthu, manyazi osawakumbuka.

Munati sadzamva kanthu. Tanthauzo sanamve, koma kupepesa kwanu analandira, ndinaona ndi maso. Titamaliza sanandisiye manja msanga. Anakhala akuwagwira, akuyang'ana kuseri kwa phewa langa, ngati akufuna kuona amene wawatumizira mizereyo.

Mwafunsa ngati ndikadali mkazi wanu. Chichokereni kumudzi sindinakhalepo nanu pafupi ngati dzulo, pamene mawu anu ankatuluka m'kamwa mwa nkhalamba ya ku Finland ine nditaigwira manja. Yankho ndikupatsani kawiri, kuti ndisadzathe kulibweza. Ndine mkazi wanu. Kwina kulikonse ndilibe mwamuna.

Agatha